Mphindi 30 za Hatchi: Zovuta Zimene Zimagwa pa Nthawi Yoswa

PULOGALAMU YA ULIMI WA ZIWETO

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Nthawi ya pulogalamu ya ziweto yakwana. Lero nkhani ili pa hatchi yaikazi: zimene zimachitika usiku umene ikuswa, zimene zimalakwika, ndi zimene munthu amene ali pafupi angachite dokotala wa ziweto asanafike.

Ku Malawi ndi ku Zambia mahatchi ndi owerengeka. Amapezeka m'mafamu ochepa ndi m'malo okopa alendo. Koma abulu okoka ngolo alipo m'midzi, ndipo pa nkhani yoswa thupi la bulu wamkazi limayenda mofanana kwambiri ndi la hatchi. Palinso abale amene ali pa ntchito m'mafamu a ku South Africa, dziko limene mahatchi a mpikisano amawetedwa ngati bizinesi, ndipo nyengo yoswa imayamba mu Ogasiti. M'mafamu otere, wantchito wogona kukhola ndiye amaona zonse poyamba, mwini famu ndi dokotala adakali m'tulo.

Munthu amene anakulira pa ng'ombe amadziwa kudikira. Ng'ombe ikayamba kutchima imatha ola limodzi, awiri, nthawi zina kupitirira, mwana n'kutuluka wamoyo. Nzeru yomweyo ya kudikira ikalowa m'khola la hatchi imapha. Hatchi ikangosweka nsupa, mwana amayenera kukhala ali panja pasanathe mphindi 20 kapena 30. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2007, wochokera ku chipatala cha mahatchi ku America, anapeza kuti mphindi 30 zikadutsa, mphindi 10 zilizonse zoonjezera zimakweza ndi 10 peresenti chiopsezo choti mwana atuluke wakufa. Ola likakwana, mwayi woti mwana atuluke wamoyo umakhala utachepa kwambiri.

Chifukwa chake chili pa nsengwa, imene imapatsa mwana chakudya ndi mpweya akadali m'mimba. Nsengwa ya ng'ombe imagwira chiberekero pa timfundo tambirimbiri tolimba, ndipo timfundoto sitimasuka msanga, choncho mwana amapitiriza kulandira mpweya ngakhale make akuvutika. Nsengwa ya hatchi imamatirira chiberekero chonse, koma mosazama. Make akayamba kutchima mwamphamvu, nsengwayo imayamba kumatuka, ndipo mpweya wopita kwa mwana umachepa mphindi ndi mphindi. Komanso hatchi imatchima ndi mphamvu yoopsa. Zinthu zikakhala bwino, mphamvuyo imatulutsa mwana mwamsanga. Mwana akapingasa, mphamvu yomweyo imamupanikiza m'chiuno cha make ndipo imang'amba zam'kati.

Mwamwayi, mahatchi ambiri amaswa okha popanda vuto. Mwa mahatchi 100 alionse, amene amavutika amakhala pakati pa 4 ndi 10, malingana ndi mtundu wake. Mitundu ikuluikulu yokoka katundu ndiyo imavutika kwambiri. Kuti munthu azindikire ochepawo, ayenera kudziwa kaye mmene kuswa kwabwino kumayendera.

Bere la hatchi limatenga masiku pafupifupi 340, ndiye kuti miyezi 11, ngakhale ina imaswa pa masiku 320 ndipo ina imapitirira 360. Bulu amatenga pafupifupi chaka. Kukatsala masabata angapo, mawere amayamba kudzaza. Minofu ya m'mbali mwa mchira imafewa n'kulowa m'kati. Kukatsala tsiku limodzi kapena awiri, pa nsonga za mawere pamaoneka timadontho tachikasu tomata, timene osamalira mahatchi amati phula. Chizindikirochi si hatchi iliyonse imene imachionetsa, makamaka yoyamba kumene kuswa. N'chifukwa chake mafamu akuluakulu amakama timadontho ta mkaka madzulo alionse n'kupima kuchuluka kwa kashiamu: akakwera, amadziwa kuti usiku wa ulonda wafika.

Mahatchi ambiri amaswa usiku, kukakhala zii. Gawo loyamba limatenga ola limodzi mpaka anayi. Hatchi imazungulirazungulira m'khola, imapalasa pansi, imatuluka thukuta m'khosi ndi m'mapewa, imacheukira kumimba, imagona n'kudzukanso. Pa nthawi imeneyi mwana nayenso ali pa ntchito. Miyezi yomalizira amakhala atagona chagada, miyendo atapinda. Tsopano amadzitembenuza yekha kuti msana wake uyang'ane ku msana wa make, n'kutambasula miyendo yakutsogolo ndi mutu kuloza ku njira yotulukira. Kugubuduka kwa make kumamuthandiza kutembenuka, choncho pa gawo ili munthu safunika kulowerera. Akaima pafupi ndi tochi n'kumasokosera, hatchi imatha kuimitsa zonse mpaka iye atachoka.

Kenako nsupa imasweka, madzi ambiri achikasu n'kukhuthuka. Apa wolondera ayang'ane wotchi kapena foni ndi kulemba nthawi. Pasanathe mphindi 5 kapena 10, pakhomo pa njira payenera kuoneka kathumba koyera, koonekera m'kati. M'kathumbamo muoneke chiboda chimodzi, chinzake chikutsatira kumbuyo pang'ono, zonse kuphazi kwake kutayang'ana pansi, ndipo pamwamba pa miyendoyo patsamire mphuno. Mwendo umodzi umatsogola kuti mapewa adutse m'chiuno limodzi limodzi. Hatchi imagona chammbali, miyendo itawongoka, n'kutchima katatu kapena kanayi, kupumira, n'kutchimanso. Mapewa akangodutsa, thupi lonse limatsetsereka.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya ziweto, ndipo nkhani ndi ya zovuta za hatchi pa nthawi yoswa. Tsopano tione pamene zinthu zimakhota.

Pa ng'ombe, vuto limakhala kawirikawiri loti mwana wakula kuposa chiuno cha make. Pa hatchi zimenezi sizichitikachitika. Chimene chimavuta ndi miyendo yaitali ndi khosi lalitali la mwana. Mwendo umodzi umatha kupindika pabondo n'kutsalira m'mbuyo, kunja n'kuoneka chiboda chimodzi chokha ndi mphuno. Mutu umatha kukhotera kunthiti, kunja n'kuoneka ziboda ziwiri popanda mphuno, ndipo chifukwa cha kutalika kwa khosi mutuwo umakhala patali moti dzanja la munthu silifikapo. Mwana wina amabwera chafutambuyo: ziboda zimaoneka kuphazi kwake kutayang'ana kumwamba. Apa changu chimafunika koposa, chifukwa chingwe cha mchombo chimapanikizika pa fupa la chiuno mutu udakali m'kati. Wina amatsogoza matako, miyendo yonse itapindikira kumimba, kunja osaoneka kanthu kapena mchira wokha. Nthawi zambiri mwana amene wagona molakwika amakhala wofooka kale kapena wopunduka, n'chifukwa chake analephera kudzitembenuza.

Lamulo la m'makhola ambiri ndi lakuti: nsupa ikasweka, mphindi 10 n'kutha popanda chooneka, kapena chooneka n'kukhala chosiyana ndi ziboda ziwiri ndi mphuno, foni kwa dokotala iimbidwe nthawi yomweyo. Kuimba n'kupezeka kuti panalibe vuto kumangotayitsa mafuta a galimoto. Kuchedwa kuimba kumatayitsa mwana, mwinanso make.

Dokotala ali m'njira, chinthu choyamba ndi kuidzutsa hatchi ndi kuiyendetsa pang'onopang'ono. Ikaimirira siitchima mwamphamvu, ndipo mwana amabwerera m'kati pang'ono, pamene pali malo oti mwendo wopindika uwongoke. Nthawi zina kudzuka ndi kugonanso kokhako kumakonza zinthu. Mchira umangidwe ndi nsalu yoyera, kumbuyo kutsukidwe ndi madzi ofunda ndi sopo. Amene anaphunzitsidwa akhoza kulowetsa dzanja losambidwa bwino, zikhadabo zitawengedwa, lopakidwa mafuta oterera a kuchipatala cha ziweto, kuti amve chimene chili m'njira. Akapeza mwendo wopindika, amakankhira mwana m'kati pa nthawi imene make wapumira, n'kufumbata chiboda m'dzanja kuti chisabaye chiberekero pochiwongola. Amachita izi ataima chammbali, chifukwa hatchi imene ikumva ululu imaponda ndipo imadzigwetsa mosachenjeza.

Kukoka kuli ndi malamulo ake. Amakoka pokhapokha atatsimikiza kuti miyendo iwiri ndi mutu zili m'malo mwake. Amakoka pamene make akutchima, n'kusiya iye akasiya. Mwendo umodzi umatsogozedwa pang'ono, ndipo mapewa akatuluka amakokera chapansi, kuloza ku miyendo yakumbuyo ya make. Mphamvu ya anthu awiri ndiyo malire. Kumangirira chingwe ku thirakitala, ku galimoto kapena ku ng'ombe za pagoli kumathyola nthiti za mwana ndi kung'amba make.

Dokotala akafika amayesa kaye kuwongola mwana hatchi ili maso, atailasa jakisoni woiziziritsa. Zikakanika, ku zipatala za mahatchi amaigoneka tulo n'kuikweza miyendo yakumbuyo m'mwamba ndi tcheni, kuti matumbo ndi mwana zitsetserekere kutsogolo ndipo manja apeze malo. Pamene mmodzi akulimbana ndi kuwongola mwana, anzake amakhala akumeta ndi kutsuka pamimba. Mphindi 15 zikatha osatheka, amang'amba mimba n'kutulutsa mwana pa opaleshoni. Ngati mwana wafa kale, dokotala amatha kumudula m'kati momwemo ndi waya wapadera n'kumutulutsa zidutswa, pofuna kupulumutsa make.

Pali vuto limodzi limene silidikira ngakhale foni. Madzi asanakhuthuke, pakhomo pa njira pamatulukira thumba lofiira kwambiri, lokhuthala, lamanyawinyawi, nthawi zina lili ndi kachipsera kotuwa pakati. Imeneyi ndi nsengwa yeniyeniyo. Inayenera kubooka pa khomo la chiberekero n'kutsala m'kati mpaka mwana atatuluka, koma yamatuka yonse n'kutsogola. Kunena kwina, mwana ali m'thumba lotseka ndipo sakulandira mpweya kuchokera kwa make. Amene ali pafupi aboole thumbalo pomwepo, ndi sizasi yoyera kapena ndi zala, apeze kathumba koyera ndi ziboda, athandize mwana kutuluka, achotse zomata kumphuno. Foni ibwere pambuyo. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta kukumbukira: thumba loyera ndi labwino, thumba lofiira ndi lofunika kuboola. Chenjezo n'lakuti nthawi zina chikhodzodzo cha make chimatha kutulukira panja, koma icho chimakhala chosalala ndipo m'kati mwake simumveka ziboda.

Thumba lofiira limabwera kawirikawiri nsengwa ikakhala ndi matenda, kapena hatchi ikapatsidwa mankhwala ofulumizitsa kuswa nthawi isanakwane. Koma dziko linaliona vutoli pa mlingo waukulu mu 2001, m'chigawo cha Kentucky ku America, kumene kuli mafamu otchuka a mahatchi a mpikisano mozungulira mzinda wa Lexington. Kumapeto kwa Epulo ndi kuchiyambi kwa Meyi, sabata imene anthu amakonzekera mpikisano wa Kentucky Derby, mahatchi anayamba kupoloza famu ndi famu. Ena anataya mabere aang'ono a miyezi iwiri kapena itatu. Ena, amene anali pafupi kuswa, ankatulutsa thumba lofiira, ana n'kubadwa akufa kapena ofookeratu. Mabere otayika anafika m'zikwi, ndipo akatswiri a zachuma anawerengera kuti chigawocho chinaluza ndalama zoposa madola 300 miliyoni.

Poyamba anthu anakayikira nkhungu ya mu msipu, ena poizoni wa m'masamba a mitengo ya matcheri akutchire. Ofufuza a University of Kentucky ndi anzawo anaona kuti chaka chimenecho kunagwa ziyabwe zambiri zimene zimamanga zisa m'mitengo imeneyi, ndipo zikakhuta zimatsika n'kumayenda mu msipu. Atadyetsa ziyabwezo mahatchi a bere, anapoloza. Kenako zinadziwika kuti choopsa chili pa khungu la ziyabwezo: tiubweya tolasa timaboola matumbo a hatchi, tizilombo ta m'matumbo n'kulowa m'magazi mpaka kukafika pa nsengwa ndi mwana. Alimi anadula mitengoyo, ena n'kumachotsa mahatchi a bere m'madambo oyandikana nayo. Mu 2004 zofanana ndi zimenezi zinaonekanso ku Hunter Valley m'dziko la Australia, kuchokera ku mtundu wina wa ziyabwe. Kuyambira pamenepo, oweta mahatchi amayang'ana mitengo ya m'mphepete mwa msipu ndi diso lina.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Mwana akatuluka, anthu ambiri amapumira m'mwamba n'kukagona. Koma mahatchi ambiri amene amafa chifukwa cha kuswa amafa mwana atatuluka kale.

Chitsanzo chodziwika ndi Rachel Alexandra, hatchi yaikazi imene mu 2009 inagonjetsa amphongo pa mpikisano wa Preakness Stakes, chinthu chimene yaikazi inali isanachite kwa zaka 85. Pa 12 Febuluwale 2013, ku famu ya Stonestreet ku Kentucky, inaswa mwana wamkazi wolemera makilogalamu 63, pamene ana ambiri a mahatchi a mpikisano amalemera cha m'ma 50. Poyamba zonse zinaoneka bwino. Tsiku lotsatira osamalira anaona kuti yasintha, n'kuthamangira nayo ku chipatala cha Rood and Riddle ku Lexington. Madokotala atatsegula mimba anapeza kuti mbali ina ya thumbo la kumapeto inavulala pa nthawi yoswa, magazi anasiya kufikako, ndipo zoipa zinali zitayamba kudontha m'mimba. Anadula mbali yowonongekayo. Hatchiyo inakhala m'chipatala kupitirira mwezi, mwana wake analeredwa ndi hatchi ina yoyamwitsa, ndipo eni ake sanaikweretsenso. Mwanayo, Rachel's Valentina, anadzapambana mpikisano waukulu mu 2015. Make anapulumuka chifukwa choti panali maso amene anaona kusintha kwake msanga.

Vuto lina ndi kuphulika kwa mtsempha waukulu wa magazi wopita ku chiberekero. Limakonda mahatchi okalamba amene aswa kambirimbiri. Magazi saoneka kunja, amakhuthukira m'kati. Hatchi imanjenjemera, imatuluka thukuta lozizira, imapinda mlomo wam'mwamba, mtima umathamanga, ndipo usinini umene umakhala wofiirira umayera. Apa kuiyendetsa, kumene kunali kothandiza mwana atapingasa, n'koopsa. Ikhale pamalo amodzi, popanda phokoso, mwana wake ali pamene ikumuona, chifukwa kumuchotsa kumaiwonjezera nkhawa ndipo magazi amathamanga kwambiri. Magaziwo akaundana m'minofu yogwira chiberekero, hatchi imatha kuchira. Akaphulikira m'mimba, imatha kufa pasanathe ola.

Mahatchi oyamba kumene kuswa ali ndi vuto lawo. Chiboda cha mwana chimatha kuloza m'mwamba n'kuboola denga la njira yotulukira mpaka kulowa m'njira ya ndowe. Wolondera akaona chiboda chikutulukira kumtumbo, achikankhire m'kati msanga n'kuchilozetsa ku njira yake, apo ayi make akatchimanso njira ziwirizo zimang'ambika n'kukhala imodzi. Bala lotere madokotala amalisoka patapita masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, kutupa kutatha. Nthawi zinanso chiberekero chonse chimatembenuzika n'kutuluka panja. Chikatero chinyamulidwe pa nsalu yoyera yonyowa kuti chisalendewere kapena kudetsedwa, mpaka dokotala adzachibwezere.

Kenako pali nsengwa. Iyenera kugwa yokha pasanathe maola atatu. Ng'ombe imatha kuyenda ndi nsengwa masiku angapo, fungo lili guu, koma n'kuchira. Hatchi siitero. Nsengwa ikatsalira, tizilombo timaswana mwamsanga m'chiberekero, poizoni wake n'kulowa m'magazi, thupi n'kutentha, ndipo poizoniyo amakathera m'ziboda. Timinofu timene timagwirizanitsa chiboda ndi fupa la m'kati timatupa n'kumasuka, hatchi n'kulephera kuima. Matenda a ziboda amenewa madokotala amati laminitis, ndipo akafika patali alibe pobwerera. Ndi amene anachititsa kuti Black Caviar, hatchi ya mpikisano ya ku Australia, amene anathamanga mipikisano 25 osagonjapo, aphedwe mwachifundo mu Ogasiti 2024 atangoswa kumene, ngakhale anali m'manja mwa akatswiri.

Choncho nsengwa ikulendewera, imangidwe mfundo kuti hatchi isaiponde, ndipo kulemera kwake kuzikoka pang'onopang'ono. Kuikoka ndi manja kumaidula, chidutswa n'kutsala m'kati, kapena kumatembenuza chiberekero. Maola atatu akakwana, dokotala amabaya jakisoni wa oxytocin pang'onopang'ono kuti chiberekero chifinye. Ikachedwabe amatsuka chiberekero, kupereka mankhwala opha tizilombo, ndi kuviika ziboda m'madzi a ayezi.

Nsengwa ikagwa isatayidwe kapena kusiyidwira agalu. Iyalidwe pansi posalala. Imaoneka ngati buluku: thunthu limodzi ndi miyendo iwiri, wina waukulu mmene munali mwana, wina wocheperapo. Bowo liyenera kukhala limodzi lokha, pamene mwana anatulukira. Wopima ayang'anitsitse nsonga za miyendo iwiriyo, makamaka wocheperawo, chifukwa ndi pamene kachidutswa kamakonda kuduka n'kutsala. Ena amathiramo madzi kuti aone ngati pali podontha. Kachidutswa kochepa ngati dzanja n'kokwanira kupha hatchi.

Mwana naye ali ndi wotchi yake, ndipo osamalira mahatchi amaikumbukira ndi manambala 1, 2, 3: ola loyamba aimirire, lachiwiri ayamwe, lachitatu nsengwa ya make igwe. Akangotuluka, kathumba koyera kachotsedwe kumphuno, ndipo ngati sakupuma apukutidwe mwamphamvu ndi thaulo. Chingwe cha mchombo chisadulidwe ndi mpeni, chimaduka chokha make akadzuka, ndipo pachitsa pake paviikidwe mu chlorhexidine wosungunula. Mwana wa hatchi amabadwa wopanda chitetezo cha m'thupi, chifukwa nsengwa siilola chitetezo cha make kudutsa. Chonse chimachokera mu mkaka woyamba wachikasu uja, ndipo matumbo a mwana amaulandira bwino m'maola 6 mpaka 8 oyambirira. Pofika maola 24 khomo limenelo limakhala litatsekeka. Mwana amene sanayamwe mokwanira amaoneka wathanzi tsiku loyamba, lachitatu n'kutupa mfundo za miyendo kapena mchombo, n'kufa. Hatchi imene yakhala ikuchucha mkaka masiku angapo isanaswe imakhala itataya mkaka wofunikawo, komanso kuchuchako kumatha kusonyeza matenda a nsengwa kapena mapasa.

Ana ena amabadwa osokonezeka: samuzindikira make, amangoyendayenda, amayamwa khoma, ena amangogona. Kale ankati chifukwa chake n'kuperewera kwa mpweya kokha. Dokotala John Madigan wa ku University of California, Davis, anaona kuti ambiri mwa iwo amakhala ngati sanadzuke ku tulo ta m'mimba, makamaka amene anatuluka mwamsanga kwambiri kapena pa opaleshoni. Anakonza njira yomanga chingwe chofewa mozungulira chifuwa n'kufinya kwa mphindi 20, motsanzira kupanikizika kwa m'njira yotulukira. Ana ambiri akamasulidwa amadzuka n'kupita ku bere. Njirayi imafuna munthu wophunzitsidwa, ndipo siichitika pa mwana wothyoka nthiti.

Oweta nyulu, mwana wa hatchi yaikazi ndi bulu wamphongo, adziwe chinthu china. Magazi a make ndi a mwana amatha kusagwirizana, mkaka woyamba n'kuyamba kuphwanya magazi a mwanayo. Zimenezi zimagwera pafupifupi nyulu mmodzi mwa 10 alionse. Pakatha tsiku limodzi kapena atatu mwana amafooka, maso ndi usinini zimachita chikasu, mkodzo umada. Hatchi imene inachitapo zotere, mwana wake wotsatira amamuletsa kuyamwa make tsiku loyamba ndi theka, n'kumupatsa mkaka woyamba wa hatchi ina.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Zambiri mwa zovutazi zimachepa ndi kukonzekera. Patatha masiku 14 mpaka 16 hatchi itakweredwa, dokotala amaunika ndi sikani kuti aone ngati muli mapasa. Chiberekero cha hatchi sichikwanitsa kudyetsa ana awiri, ndipo mabere ambiri a mapasa amathera kupoloza, choncho amachotsa mmodzi adakali kadontho. Katemera woteteza kupoloza kobwera ndi kachilombo ka herpes amabayidwa pa mwezi wa 5, wa 7 ndi wa 9. Katemera wa kafumbata amabayidwa kukatsala mwezi umodzi, kuti chitetezo chake chilowe mu mkaka woyamba. Hatchi imene inasokedwa pakhomo pa njira pofuna kuiteteza ku matenda imasulidwe masabata awiri isanaswe. Khola likhale lalikulu loti igone motambasuka osagunda khoma, louma, loyalidwa udzu wouma woyera. Pakhomo pakhale ndowa, sopo, mataulo, sizasi, nsalu yomangira mchira, tochi yamoto, ndi nambala ya dokotala yolembedwa poonekera. Kumene dokotala ali kutali, mwini chiweto akambirane naye mwezi usanakwane, kuti adziwe njira ya ku famu ndiponso kuti wolondera aphunzitsidwe zoyenera kuchita ndi manja ake.

Kwa eni abulu, mfundo zonsezi n'zawo, kuonjezapo ziwiri. Bulu saonetsa ululu ngati hatchi: amangoima duu, makutu atagwa, pamene m'kati zinthu zaipa, choncho amafuna kumuyang'anitsitsa. Ndipo bulu wa bere lalikulu kapena woyamwitsa akasiya kudya, mafuta a m'thupi amasefukira m'magazi n'kuwononga chiwindi m'masiku ochepa. Bulu wotere aonedwe ndi alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Miyezi itatu yomalizira ya bere achotsedwe pa ngolo, apatsidwe msipu wabwino ndi madzi okwanira, ndipo akaswa apumule ndi mwana wake asanabwerere pa ntchito.

Pulogalamu ya lero yathera pamenepa. Amene ali ndi mafunso awapereke kwa alangizi a ziweto a m'dera lawo, kapena awatumize kuno ku wailesi kuti madokotala a ziweto adzawayankhe. Sabata yamawa nkhani idzakhala ya kulera mwana wa hatchi kapena wa bulu amene make wamwalira kapena wamukana: mkaka woti apatsidwe, kuchuluka kwake, ndi kangati pa tsiku.

(Nyimbo yotsekera)